Dzina limene ndinalozera bambo anga

Chaka changa choyamba kuno ku Mangalande ndinachita manyazi m'sitolo chifukwa cha kabichi. Unali mwezi wa Novembala. Tinalowa m'sitolo yaikulu ya ku Wigston kuno, mwana wanga wamkazi akukankha ngolo, ine ndikutsatira pambuyo ngati mlonda wa katundu. Ndinali nditanyamula kabichi, ndikumutembenuza uku ndi uku, pamene nyimbo ya kudenga inazima. Mtsikana wa pa tilu anachotsa manja pa makina. Bambo wina amene ankatenga mkaka anaima ndi botolo m'manja, mutu pansi. Sitolo yonse zii.

Ine za kwathu zinandibwerera, ndinati magetsi athima. Koma nyale zinali chiyakire. Ndiye poti mwana wanga anali patali pang'ono, ndinakweza kabichi uja m'mwamba n'kufuula kuti, "Iwe! Kabichi ngati ameneyu kwathu timapatsa mbuzi!"

Anandipeza msangamsanga n'kunditsina pamkono. Mwana wangayu ndi namwino, amadziwa pamene pali mtsempha. Ndinakhala chete chifukwa cha ululu, osati ulemu. Nyimbo itayambanso, anthu anapitiriza kugula ngati palibe chachitika, ndipo palibe anandiyang'ana. Azungu akafuna kukulanga amatero, sakuyang'ana.

M'galimoto m'pamene anandifotokozera.

"Adadi, tsiku ngati lero, leveni koloko, m'pamene mfuti zinaleka kulira pa nkhondo yoyamba ija. Anagwirizana zosiya kuomberana. Ndiye chaka chilichonse amakhala chete mphindi ziwiri kukumbukira amene anafa."

"Maliro osalira?"

"Ndi mwambo wawo."

"Kwathu munthu wongoima duu pamaliro, maso ouma, timayamba kufunsana kuti iyeyu ndi malemu ankagwirizana kodi."

"Mphindi ziwiri zokha, adadi. Simungathe?"

"Sindinayesepo."

Anaseka, n'kunena kuti ine makamaka ndinayenera kukhala chete kuposa onse m'sitolomo, popeza dzina la agogo anga lili pa chipilala cha asilikali ku Zomba. Ndinayang'ana pawindo n'kuyamba kufunsa za nyengo.

Ndine munthu wa sitandade faifi, ndipo faifiyo ndinaikhala kawiri. Moyo wanga wonse ndinali kondakitala wa basi pakati pa Zomba ndi Blantyre, ndipo khasu langa linali pakamwa. Mayi a kunyumba atamwalira, mwana wangayu anandiitanitsa kuti ndidzakhale naye. Mwamuna wake ndi wa makompyuta, wa madigiri awiri, munthu wabwino, koma nkhani ukaithira mchere pang'ono amatulutsa foni kuti aone ngati ndi zoona. Atatopa nane m'nyumba anandipezera kamunda, pa timinda timene khonsolo imagawira anthu kuseri kwa njanji.

Tsiku loyamba ndinachita zimene munthu aliyense wolera bwino amachita akaona nthaka: ndinaunga mizere. Yaitali, yowongoka, yokwera bwino. Woyandikana nane munda, mzungu wokalamba wondiposa zaka zingapo, anatsamira fosholo yake n'kumandionerera. Kuno sadziwa mizere, amabzala pansi pafulati ngati akuyala mphasa. Nditamaliza mzere wachisanu anafunsa kuti, "Bwanawe, mukudikira Ajeremani kodi?"

Chingerezi changa n'cha pa depoti, koma ndinamva. Ndinamuuza kuti iyi ndi mizere, pamwamba timabzala, pansi pamayenda madzi. Iye anati agogo ake anafera mu chinthu chofanana ndi chimenechi ku France, kungoti chinali chakuya kuposa munthu. Umo ndi mmene tinayambira chinzake. Anagwira ntchito m'fakitale ya nsapato mu Leicester muno mpaka fakitaleyo inatsekedwa, ndiye ndizimutchula kuti mnzanga wa nsapato.

Pamunda wake pali kanyumba ka malata okhuthala opindika ngati msana wa kamba, kamene amasungamo makasu ndi mbaula ya tiyi. Mvula ikayamba, ndipo kuno imayamba osapempha, timathawira m'menemo. Anandiuza kuti kanyumbako sikanapangidwire makasu. Pa nkhondo yachiwiri makolo ake anakakwirira kuseri kwa nyumba yawo, dothi pamwamba, kuti ndege zoponya mabomba zikabwera azibisalamo. Iye anagonekedwamo ali khanda. M'tauni monse ankatseka mawindo ndi nsalu zakuda kuti woyendetsa ndege asaone pamene pali anthu. Ngakhale timinda timene timalimati, anati, nthawi ya nkhondo tinali ngati fakitale: sitima za chakudya zinkamizidwa panyanja, ndiye aliyense ankauzidwa kuti alime mbatata. Shuga, nyama, batala, zonse zinali zoyeza, munthu aliyense ndi kabuku kake.

"Phoso," ndinatero ine. "Kwathu timati phoso."

Kuyambira pamenepo tinkasinthana. Iye amatchula mawu a nkhondo, ine ndimafufuza m'mutu ngati kwathu chinthucho chinafikako. Ndinadabwa kuona kuti zambiri zinafika, kungoti zinafika zitavula jekete.

Anandijambulira pansi ndi kamtengo. Uwu ndi mzere wakutsogolo, anati, ngalande yathu. Uwu ndi wa adani. Pakatipa ndi malo opanda mwini, waya waminga ndi matope basi, ndipo amene wakwerapo mfuti ya chiwaya imamupeza. Kumbuyoku kuli mizinga, imene imaomba anthu amene woombayo sadzawaona nkhope. Ndinamufunsa kuti nanga ngati onse akhala m'maenje, wopambana amadziwika bwanji. Anati imeneyo ankaitcha nkhondo yotopetsana: uphe anthu ake ambiri kuposa amene iye akupha ako, umuthere zipolopolo, umuthere chakudya, mpaka mmodzi alephere kuimirira. Wolimba mtima analibe ntchito kwenikweni. Wopambana anali amene mafakitale ake sanatope.

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba. Nkhondo zimene ndinkamva za makolo athu, za mikondo ndi zishango, zinali ndi nyengo yake, chifukwa ankhondowo ankayeneranso kukakolola. Koma iyi inali nkhondo yofuna nsapato, masokosi, zitini, malasha, njanji. Mnzangayo anati dzina lake ndi nkhondo ya onse, chifukwa siisiya munthu kunja. Agogo ake aakazi analowa m'fakitale kusoka nsapato za asilikali amuna atapita, ndipo nawonso ankawerengedwa kuti ali pa nkhondo, nkhondo ya otsala pakhomo. Ndinaganiza za mayi a bambo anga, amene anatsala ndi munda wosalima ndi khanda kumsana, chaka chimene m'mudzi munatsala nkhalamba zokha. Iwo palibe anawauza kuti ali pa nkhondo. Ankangoti kwagwa njala.

Tsiku lina anatchula za kulembedwa usilikali mokakamiza. Anati agogo ake sanadzipereke, inabwera kalata yoti akaonekere tsiku lakuti.

"Anu anawatumizira kalata," ndinatero. "Anga anawatumizira chingwe."

Anaika kapu pansi. Ndiye ndinamuuza monga mmene bambo anga anandiuzira, iwonso atamva kwa bambo awo aang'ono, amene anapita limodzi ndi agogo koma iwo anabwerako. Amesenjala a ku boma anafika m'mudzi n'kugwira amuna amphamvu. Sanawapatse mfuti. Anawapatsa katundu. Mnzangayu anali atandiuza kale kuti kumbuyo kwa msilikali aliyense kuli njira ya katundu, sitima ndi malole zobweretsa chakudya ndi zipolopolo, ndipo njirayo ikaduka nkhondo yatha. Ndinamuuza kuti kumpoto kwathu, kumene ankamenyana ndi Ajeremani a ku Tanganyika, njanji kunalibe. Malole ankatitimira m'matope. Ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi ntchentche za kaodzera. Ndiye njanji yake inali makosi a anthu. Ankawatcha amtengatenga. Mzere wawo unkatalika moti wakutsogolo akamawoloka mtsinje, wakumbuyo anali asanautulukire n'komwe. Ena ankasenza chakudya cha asilikali, ena ankasenza phoso la osenza anzawo.

Bambo aang'ono aja ankati bokosi la agogo linali lolemera kuposa a anzawo, ndipo onse ankaganiza kuti muli zipolopolo. Tsiku lina potsika chigwa linagwa n'kusweka. Munatuluka nsapato. Majombo atsopano, omangidwa awiriawiri. Amuna onse aja, mapazi ong'aluka, anaima n'kumaziyang'ana, mpaka kapitawo anawalamula kuzitola.

Mnzanga wa nsapato anayang'ana nsapato zake. Kenako anati, "Mwina zinali zathu. Za m'tauni muno."

"Ndiye mukadachepetsako misomali," ndinatero. "Zinali zolemera."

Anaseka pang'ono, ineyo ndinasekanso, koma tiyi anazizira m'makapu. Ndinamalizitsa nkhaniyo: agogo anadwala kamwazi, analephera kuyenda, anawatsamiritsa pamtengo m'mbali mwa njira, bokosi n'kusenzetsa wina. Mzere sunaime. Manda kulibe.

Apa m'pamene ndinalekezera kwa mzunguyo. Kwa inu ndipitiriza.

Bambo anga ndi khanda linali kumsana lija. Anakula osadziwa nkhope ya bambo awo, ndipo ankagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala za azungu ku Zomba. Sukulu sanapiteko. Chipilala cha asilikali ankachidutsa masiku onse, ndipo wina anawauza kuti pamenepo palembedwa maina a anthu amene anafa ku nkhondo. Anasunga zimenezo mumtima zaka zambiri. Sanafune kufunsa mlendo kuti awawerengere. Ankadikira mwana wawo.

Ndili ndi zaka ngati khumi, mvula yoyamba itagwa, anandiuza kuti ndisambe. Iwo anavala jekete ndi chipewa. Tinayenda mpaka pachipilala, n'kundiimika patsogolo pa maina aja. "Sukulu ija ndi imeneyi," anatero. "Ndipezere bambo anga."

Chimene iwo sankadziwa n'chakuti ine sukulu ndinkaionera patali. M'mawa ndinkatuluka ndi sileti bwinobwino, koma njira yanga inkathera ku mango ndi kumtsinje. Zilembo ndinkazidziwa chimodzichimodzi, koma kuzilumikiza kuti zitulutse munthu kunali kwina. Ndinayang'ana mainawo, ndipo anali ambiri ngati nyerere. Ndinayendetsa chala pamzere woyamba, milomo ikugwedera ngati ndikuwerenga. Wachiwiri. Wachitatu. Kumbuyo kwanga ndinkamva kupuma kwa bambo. Ndinkaganiza za chikwapu, osati za agogo. Pamzere wachinayi ndinaona dzina loyamba ndi chilembo chimene ndinkachidziwa bwino, ndipo ndinaimitsa chala pamenepo.

"Awa," ndinatero.

Anavula chipewa. Anawerama n'kuyang'ana dzinalo nthawi yaitali, kenako analiyendetsa chala chawo, chilembo ndi chilembo, monga mmene ankayendetsera chala pa kolala kuona ngati yasitidwa bwino. Sanalire. Pobwerera anandigulira sikono, chinthu chimene sanachitepo, ndipo ndinadya yense. Ndikufuna mudziwe zimenezo: ndinadya, ndipo ankakoma.

Kuyambira chaka chimenecho, Novembala aliyense tinkapita. Kunyumba anayamba kuyenda mosiyana. Ankauza anthu kuti, "Bambo anga boma limawadziwa." Abale ena akafunsa, ine ndinkati, "Mzere wachinayi, pitani mukaone," podziwa kuti m'bale sakwera phiri chifukwa cha dzina. Bambo anaphunzira maonekedwe a dzinalo mpaka ankalijambula pamchenga ndi chala akakhala pakhonde, zilembo zokhotakhota zimene ndinkazizindikira ine ndekha. M'moyo wawo wonse mawu amene anaphunzira kulemba ndi amenewo basi, ndipo linali dzina la munthu wa eni ake.

Nditakula, kuwerenga nditakudziwa chifukwa cha matikiti ndi zikwangwani, ndinapita ndekha. Ndinawerenga maina onse, mbali zonse, kawiri. Agogo panalibe. Mlonda wa pamalopo anandiuza kuti awa ndi asilikali, a yunifolomu ndi nambala. Amtengatenga iye sankadziwa kumene analembedwa. Ndinatsika ndikunena mumtima kuti ndikawauza bambo Loweruka. Loweruka limenelo linatenga zaka zoposa makumi awiri, mpaka tinawaika m'manda. Bodzalo ndinalipatsira ana anga ngati munda wa makolo.

Chaka chathachi, kumayambiriro kwa Novembala, mwana wanga anabwera kudzanditenga kumunda atavala yunifolomu yake, n'kupeza ndikucheza ndi mnzanga wa nsapato. Pocheza anamuuza monyadira kuti dzina la agogo a bambo ake lili pamwala ku Zomba. Mzunguyo maso anawala. Kutchalitchi kwawo, anati, Lamulungu la chikumbutso ndi iye amene amawerenga maina a anthu a m'deralo amene anafa ku nkhondo, ndipo mabanja amazika timitanda tamatabwa pa kapinga, tokhala ndi duwa lofiira, dzina lolembedwa pakati. Bwanji chaka chino tiwerengenso dzina la agogo?

Mwana wanga nkhani ngati imeneyo sagona nayo. Pofika Lachitatu anali atauza anamwino onse a ku Malawi a mu Leicester, ndi a ku Zambia omwe. Ndinkamumva pafoni: "Ndaswopa kale shifiti, iwenso ubuke ofu, tikakhale ambiri." Anagula kamtanda. Kenako mkamwini wanga, wa madigiri awiri uja, anabwera ndi nzeru.

"Adadi, msuweni wanga ali ku Zomba. Loweruka akajambule dzinalo, tiliprinte, anthu akaone."

"Kukugwa mvula ku Zomba."

"Ali ndi ambulera."

"Msuweni wako uja amamwa. Akajambula phazi lake."

"Anasiya, adadi. Pano ndi mkulu wa mpingo. Munati mzere wachingati?"

"Wachinayi," anayankha mwana wanga ali kukhitchini. Ankaudziwa ngati tsiku lake lobadwa.

Lachinayi ndinapita kumunda ngakhale kunalibe cholima. Ndinapeza mnzanga m'kanyumba kake, ndipo ndinamuuza zonse, za mango, za chala, za sikono. Ndinayamba ndi iye chifukwa m'Chingerezi manyazi amachepa, mawu ake si ako. Anamvetsera akupukuta fosholo. Kenako anati agogo akenso manda alibe. Mzinga unagwa pamene anali, ndipo sanapezepo choika m'bokosi. Chimene banja lawo lili nacho ndi dzina pamwala basi.

"Ife tili ndi dzina lopanda manda," anatero. "Inu mulibe zonse ziwiri."

Ndinamufunsa ngati pamndandanda wake amalola munthu amene sanagwirepo mfuti.

"Mndandanda ndimagwira ndine," anatero. "Koma dzinalo sindilandira kwa inu. Libwere ndi mwana wanu, atadziwa."

Ndinamuuza kuti ndi mzungu wouma mtima, ndipo mbatata zake n'zazing'ono chifukwa chokana mizere. Anavomera zonse ziwiri.

Lachisanu masana mwana wanga ananditenga ku Spinney Hill kukagula nyama ya mbuzi yodzadyetsa anzake pambuyo pa mwambo. Titagula tinalowa m'galimoto, iye akufufuza makiyi m'chikwama. M'galimoto ndi malo abwino oululira, chifukwa nonse mumayang'ana kutsogolo.

"Mayi," ndinatero. Ndimamutcha choncho ndikafuna kanthu, ndipo iye amadziwa.

"Mwaswa chiyani?"

"Msuweni uja muuzeni asavutike. Dzina kulibe."

"Lafufutika?"

"Silinalembedwepo. Agogo anga sanali msilikali, anali mtengatenga. Zimenezo ukuzidziwa. Amtengatenga pachipilala paja palibe."

"Koma munawerenga nokha. Munawawerengera agogo anga, bambo anu."

"Sindinkadziwa kuwerenga. Ndinangoloza."

Anasiya makiyi. Kutsogolo kwathu mnyamata wa m'butchala ankatsitsa makatoni, basi inadutsa, mayi wina anawoloka ndi ana atatu. Mwana wanga anakhala chete, ndipo ndikukuuzani, zinaposa mphindi ziwiri za azungu zija.

"Munali mwana," anatero pomaliza. "Zimenezo ndamva. Nanga mutakula?"

"Ndinkati ndiwauza Loweruka."

"Adadi, musandiseketse. Lero ayi."

Kenako anafunsanso.

"Agogo anamwalira osadziwa?"

"Osadziwa."

"Ine ndinkakhala nawo pakhonde akulemba pamchenga. Ankanditenga chala kuti ndilondole. Ankati awa ndi bambo anga." Anatembenukira kwa ine. "Ndauza ana anga. Ndauza wodi yonse. Inu mumatiuza nkhani tsiku lililonse, ndiye tizidziwa bwanji kuti iyi ndi yoona, iyi ndi ya mango?"

Ine ndinayang'ana kutsogolo. Analiza galimoto. Mpaka ku Wigston sanayatse wailesi, ndipo nyama inafika m'firiji popanda wonena kuti ndi yabwino kapena ayi.

Loweruka lonse sanandiyankhule kupatula za mankhwala. Ndinamumva akuimbira anzake mmodzimmodzi, akukonza nkhani imene ine ndinaipinda. Sananamizire kuti panali kusamvana. Ankanena mosabisa kuti, "Adadi anawanamiza agogo." Ndinakhala m'chipinda ndikumva dzina langa likuyenda mu Leicester.

Madzulo ake anabwera patebulo ndi timitanda tiwiri ndi cholembera. Kachiwiri anakagula tsiku lomwelo. Pa koyamba analemba dzina la agogo, ndipo pansi pake analemba kuti mtengatenga. Kenako anakoka kachiwiri.

"Uja agogo ankamuvulira chipewa uja ndani?"

Ndinatchula dzinalo nthawi yomweyo, ndi nambala yake yomwe. Ndaiwala maina a anthu amene ndinagwira nawo ntchito zaka khumi, koma limenelo silinachokepo.

"Ameneyu abale ake mwina sanafikepo n'komwe pachipilala," anatero akulemba. "Agogo amulira zaka zonse zija. Ndi wathu basi." Sanandiyang'ane. "Musaganize kuti nkhani yatha."

Lamulungu m'mawa kunazizira kolowa m'mafupa. Panja pa tchalitchi panali azungu okalamba a mamendulo pachifuwa, ana a yunifolomu, ndi kagulu kathu: anamwino asanu ndi mmodzi atavala majasi pamwamba pa zitenje, mkamwini wanga, adzukulu anga awiri amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Anabwera onse, ngakhale atamva za ine. Mmodzi, wa ku Chipata, anandipatsa moni n'kunong'ona kuti, "Atate, mwatichititsa manyazi, koma tabwera."

Mnzanga wa nsapato anawerenga maina a kwawo, ambiri, ena a banja limodzi atatu. Kumapeto anati pali awiri ochokera kutali. Anatchula la msilikali uja. Kenako anatchula la agogo, ndipo analipotoza moti mwini wake sakadatembenuka, koma linamveka. Anawonjezera mawu ochepa, kuti munthuyu anasenza nsapato za asilikali iye alibe nsapato. Lipenga linalira, ndipo kunagwa chete uja.

Ndinkaopa kuti nditsokomola, kapena pakamwa panga pachita zake. Koma ayi. Ndinaima n'kumamva khwangwala, ndi galimoto kutali. Ndinaganiza kuti mwambo umenewu mwina anaupanga anthu amene maliro anawachulukira, oti ukati ulire aliyense payekha moyo ungathe usanamalize. Kenako ndinazindikira kuti chala changa chikuyenda pa thalauza, chikulemba zilembo zokhotakhota zija, monga mmene bambo ankazilembera. Dzina la agogo enieni chala changa sichilidziwa. Ndinachisiya chimalize.

Tinazika timitanda tiwiri moyandikana. Dothi linali lofewa, labwino, loti likadakhala langa ndikadaungapo mzere.

Chithunzi chinabwerabe, chifukwa mkamwini anaiwala kumuletsa msuweni wake. Mzere wachinayi, dzina lija, ndi chala cha mkulu wa mpingo chikulozapo. Mwana wanga anachimata pafiriji. Ndikamatenga mkaka m'mawa ndimakumana ndi dzinalo, ndipo nthawi zina ndimalipatsa moni. Bambo anga ndiye sindingawauzenso. Ndimayesa kuganiza kuti akadasankha chiyani, kudziwa kapena zaka zija za chipewa m'manja, ndipo yankho limasintha malinga ndi mmene ndadzukira. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindinawafunse. Ndinawasankhira ndekha, poyamba chifukwa choopa chikwapu, kenako chifukwa choopa nkhope yawo.

Kunyumba nkhani ndimakambabe, munthu sasiya ntchito yake. Koma masiku ano ndikafika pakati, pamene mkango wayamba kukula kapena basi yayamba kuthamanga kuposa sitima, mwana wanga amaika supuni pansi n'kufunsa kuti, "Adadi, imeneyi ndi ya mzere wachingati?" Adzukulu amaseka osadziwa bwinobwino chimene akuseka. Ine ndimabweza mkango uja pa msinkhu wake, n'kupitiriza.